Nyonga Yeniyeni Imachokera M'zochita Wamba

Munthu akatsegula foni masiku ano nayang'ana pa Facebook kapena TikTok, amaona achinyamata akulimbitsa thupi m'njira zodabwitsa: wina waima ndi mwendo umodzi pa chimpira chofewa uku atanyamula chitsulo, wina wadzimanga malamba a mphira m'chiuno ndipo akulumpha uku ndi uko. Woonerera, pochita chidwi ndi zimenezi, amayesa kuti chinsinsi cha nyonga chabisika m'zachilendozo, nayamba kupeputsa kunyonyomala ndi mapushapu zimene anaphunzira ali mwana kusukulu. Komatu akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Lamulo limene thupi limatsata pokula mphamvu ndi lakalekale. Agiriki ankasimba za Milo wa ku Croton, katswiri wa masewera ogwetsana amene anakhalako zaka zoposa 500 Khristu asanabadwe, napambana kasanu ndi kamodzi pa mpikisano wa Olimpiki, kuti tsiku lililonse ankasenza mwana wa ng'ombe pamapewa, ndipo pamene kang'ombeko kankakula, nyonga ya Milo inkakulanso, kufikira tsiku limene anasenza nkhunzi yathunthu. Ngakhale nkhaniyi ili ngati nthano, nzeru yake anaitsimikiza Thomas DeLorme, dokotala wa asilikali a ku America, amene mu 1945 analemba za momwe ankabwezera mphamvu m'miyendo ya asilikali ovulala powanyamulitsa zolemera, naonjezera kulemerako pang'ono nthawi iliyonse imene mwendo wazolowera. Minofu ikapatsidwa ntchito yoposa pang'ono imene inazolowera, nipatsidwanso chakudya ndi mpumulo, imadzikonza kuti mawa ikathe ntchitoyo mosavuta. Ndipo mafupa ndi mitsempha yomangirira minofu ku mafupa zimalimba m'njira yomweyo, ngakhale kuti izo zimachedwerapo.

Zochita zimene zimalola kuonjezera kotereku n'zowerengeka: kunyonyomala ndi kudzukanso utasenza cholemera, kutola cholemera pansi msana uli wowongoka, kukankha, kudzikoka pa mtanda mpaka chibwano chipitirire, ndi kuyenda utanyamula katundu m'manja. Chilichonse mwa izi chimagwiritsa ntchito minofu yambiri nthawi imodzi, ndipo chimawerengeka, kotero kuti amene mwezi watha ankanyonyomala ndi makilogalamu 40, lero n'kumatha 45, akudziwa popanda womuuza kuti wapita patsogolo. Koma woima pa chimpira chogwedezeka mphamvu zake zimathera pa kudziletsa kuti asagwe, ndipo chitsulo chimene anganyamule pamenepo n'chopepuka kwambiri kuposa chimene akadanyamula ataponda pansi polimba. Thukuta limatuluka, koma minofu siilandira katundu woti iikulitse. Zipangizo zoterezi zili ndi malo ake, makamaka pothandiza wothyoka kapena wobinya kakolo kuti aphunzirenso kuima bwino, koma sindizo maziko a nyonga.

Umboni wina ukuchokera ku mpira wamiyendo. Mu 2006 madokotala ogwira ntchito ndi bungwe la FIFA anakonza ndondomeko yotenthetsa thupi yotchedwa 11+, ya mphindi 20 zokha, yosafuna makina, m'mene osewera amathamanga, amaima ndi mwendo umodzi, amanyonyomala, amalumpha, nagona chafufumimba atatsamira zigongono thupi lili gwa. Itayesedwa ku Norway pa atsikana osewera mpira pafupifupi 1,900, zotsatira zofalitsidwa mu 2008 zinasonyeza kuti kuvulala kunachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. M'ndondomekoyi muli kachitidwe kena kotchedwa Nordic, kamene wosewera amagwada, mnzake namugwira akakolo, iye n'kumagwera kutsogolo pang'onopang'ono akudziletsa. Ndipo ofufuza atasonkhanitsa zopeza za m'maiko osiyanasiyana, anaona kuti kamachepetsa ndi theka kuvulala kwa minofu ya kumbuyo kwa ntchafu, kumene kumakhazika osewera ambiri pabenchi kwa milungu.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu amazithawa zinthu zothandiza chotere? Mtima wa munthu sunasinthe chiyambire masiku a Namani, kazembe wa nkhondo wa ku Siriya, amene anapsa mtima pamene mneneri Elisa anamuuza kuti akangosamba kasanu ndi kawiri mu Yordano, popeza iye ankayembekezera chinthu chachikulu chooneka ndi maso, kufikira anyamata ake anamudandaulira kuti achite chophwekacho. Zochita wamba zimatopetsa mtima chifukwa n'zobwerezabwereza, ndipo wogulitsa zipangizo kapena wofuna omutsatira ambiri pa intaneti sangapindule pouza anthu mlungu uliwonse kuti apitirize zomwe zija.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azilimbitsa minofu yonse ikuluikulu masiku osachepera awiri pa mlungu, ndipo zimenezi sizifuna jimu yokwera mtengo, pakuti zitini zothiramo simenti zolumikizidwa ndi chitsulo, zimene anyamata amapanga okha m'makwalala athu, zimagwira ntchito yomweyo malinga wonyamula aphunzire kaimidwe koyenera asanaonjezere kulemera. Tsono inu aphunzitsi a matimu a m'masukulu ndi m'midzi, sankhani zochita zinayi kapena zisanu, muziphunzitse mosamala, mulembe m'kope zimene wosewera aliyense wakwanitsa, ndipo muonjezere pang'ono pokhapokha pamene wazichita mosapotoka. Muonetsetsenso kuti anawo akugona mokwanira ndi kudya nsima yawo ndi nyemba, usipa, mazira kapena mtedza. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo timu imene ipirire chotero chaka chathunthu idzafika kumapeto a ligi ili ndi osewera amphamvu ndi ovulala ochepa.