Kwawo Kuti?

Pa ntchito yathu yosamalira ana pali mawu amene ndatopa nawo: “Angowakweza galimoto, abwerere kwawo.” Amamveka nthawi zonse anthu akaona anyamata akugona m’makonde a masitolo ku Limbe. Komatu ambiri a iwo sanachokere kutali. Kwawo ndi ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa, mtunda woyenda pansi, ndipo njira akuidziwa bwino. Chimene anathawa chikadali komweko, kaya ndi bambo wowapeza wa dzanja lolemera, kaya ndi agogo amene mbaula yawo imakhala masiku awiri osayaka.

Sindikunyoza zobwezeretsa mwana m’banja, zimene m’maofesi timazitcha reintegration. Mabungwe ngati Chisomo Children’s Club ndi Samaritan Trust agwira ntchitoyi zaka zambiri mu Blantyre, ndipo kwa mwana wa zaka 10 ndiyo njira yoyamba kuyesa. Vuto langa lili pa mnyamata kapena mtsikana wa zaka 17. Malamulo aakulu a dziko, monga anasinthidwira mu 2017, akumuteteza lero chifukwa akuti mwana ndi wosakwana zaka 18. Mawa lake ndi wamkulu, ndipo thandizo lambiri limathera pomwepo. Watsala ndi chiyani m’manja? Nthawi zambiri alibe ngakhale chiphaso cha unzika, ngakhale kuti chimaperekedwa kuyambira zaka 16. Popanda chiphasocho sangalembetse nambala ya foni m’dzina lake, ndiye Airtel Money kapena Mpamba palibe, ndipo ndalama ya ganyu imagona m’sokosi mpaka anzake amulande usiku. Landilodi wa ku Machinjiri amafuna lendi ya miyezi ingapo pasadakhale ndi munthu womuikira umboni. Amene anakulira pamsewu mboni aitenga kuti?

Ena amati tikawaphunzitsa ukalipentala kapena kusoka, monga m’maphunziro a TEVETA, basi zatheka. Luso ndi lofunika, sindikukana. Koma wosoka wopanda chitseko chotseka amagulitsa makina sabata yoyamba, ndipo ife timathamangira kunena kuti ndi wosayamika. Enanso amati kumulipirira chipinda ndi kumulera ulesi. Mwana wanu akamayamba moyo wake, kodi simumupatsa mphasa, poto ndi thumba la ufa, n’kumakamuyendera mwezi ukatha? Izi simuzitcha ulesi. Apolisi nawonso si yankho: mu 2017 Khoti Lalikulu ku Blantyre linathetsa gawo lina la lamulo la vakabu, limene linkagwiritsidwa ntchito pomanga anthu ongopezeka pamsewu.

Ngati mpingo kapena banja lanu likufuna kuthandiza, yambani ndi ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu, kenako chiphaso, kenako chipinda, luso pambuyo. Mwina dongosololi silingayende kwa aliyense, makamaka amene wazolowera chamba. Ndipo yembekezerani kuti tsiku lina adzabwerera kumsewu. Mukamupeze komweko, ndipo chipinda chija musafulumire kuchibweza kwa landilodi.