Kusunga Galu ndi Mphaka pa Khomo la Mlimi

Galu akafa mwadzidzidzi m'mudzi, kawirikawiri pauka mlandu. Mwini galu aloza cala mnansi wace nati wamdyetsa ululu, ndipo nthawi zina nkhaniyo ifika ndi kwa mfumu ya mudzi. Koma mlandu wotere ukafunsidwa bwino, nthawi zambiri cipezeka kuti cimene capha galuyo cinali pa khomo la mwini wace yemwe: mankhwala a makoswe oikidwa kuseri kwa citseko, botolo la mankhwala a thonje lotayidwa ku dzala, kapena gaga wa cimanga coola.

Galu ndi mphaka ali anchito a mlimi. Galu alonda khola la mbuzi usiku napitikitsa anyani ku munda, ndipo mphaka asunga nkhokwe kuti makoswe asathe cimanga. Koma nyama ziwirizi sizidziwa kusiyanitsa cabwino ndi coipa. Galu alawa ciri conse cimene acipeza pansi, ndipo mphaka anyambita ciri conse cimene cagwera pa ubweya wace. Mwana wokwawa acita cimodzimodzi. Cifukwa cace pamene galu angafike, mwananso angafike pomwepo, ndipo mlimi wocinjiriza galu wace acinjirizanso ana ace.

MANKHWALA A MAKOSWE

Mankhwala ambiri a makoswe ogulidwa m'masitolo ali a mtundu wa warfarin, amene anayamba kugulitsidwa ku America m'caka ca 1948. Nchito yace ndiyo kuletsa magazi kuti asagwirane. Galu amene wadya mankhwala awa aoneka wabwino-bwino masiku 3 kufikira 5, ndipo mwini wace ayesa kuti wapulumuka. Pambuyo pace afooka, nkhama zace ziyera, apuma mobvutika, ndipo magazi aturuka m'mphuno kapena m'cimbudzi. Dokotala wa ziweto akhoza kumciritsa ndi Vitamin K1, koma ayenera kumuona msanga, magazi asanayambe kutayika.

Alipo mankhwala ena, timibulu takuda ting'ono-ting'ono, amene anthu awachula Temik, ogulitsidwa mobisa m'timapepala topanda dzina. Awa ali oopsa koposa. Ola lisanathe galu aturutsa thobvu, anjenjemera, asanza ndi kutsegula m'mimba, ndipo angafe asanafike kwa dokotala. Mankhwala otere sayenera kulowa pa khomo konse. Mlimi agule okha-okha ali m'cotengera cace, olembedwa dzina ndi malangizo, obvomerezedwa ndi bungwe la Boma la ZEMA.

Njira yabwino yogonjetsera makoswe ndiyo misampha, kulambula udzu kuzungulira nyumba, ndi kubveka malata ku miyendo ya nkhokwe kuti khoswe alephere kukwera. Ngati mankhwala afunikabe, aikidwe m'kati mwa paipi kapena m'kabokosi ka zibowo zazing'ono, momwe khoswe yekha angalowe. M'mawa muli monse makoswe akufa atoledwe ndi fosholo ndi kukwiriridwa, pakuti mphaka kapena galu wakudya khoswe wotere adya ndi ululu womwe.

MANKHWALA A M'MUNDA NDI A M'NKHOKWE

M'Cigawo ca Kum'mawa, ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, nyumba zambiri zisunga mankhwala opopera thonje ndi mbeu za m'dimba. Malo ace ndi m'bokosi lokhoma kapena pa thandala lalitali, kutali ndi ufa ndi ndiwo. Botolo likatha, litsukidwe katatu, ndipo madzi otsukirawo athiridwe m'mpope momwemo. Pamenepo libooledwe kuti wina asatungire madzi kapena kumwetsera galu. Mpope usatsukidwe pa bwalo, cifukwa m'nyengo ya dzuwa galu waludzu amwa madzi ali onse odikha pansi.

Anthu ena, poona nthata pa mphaka, amwaza pa thupi lace mankhwala a ufa otetezera cimanga ku anankafumbwe. Uku ndi kulakwa kwakukuru. Ena a mankhwala awa, monga Actellic Super, ali ndi permethrin m'kati mwace. Ciwindi ca mphaka siciri ndi mphamvu yocotsa permethrin m'thupi monga cicita ciwindi ca galu kapena ca munthu. Tsono mphaka akadzinyambita anjenjemera, agwa ngati wa khunyu, ndipo angafe.

Dibi ya ng'ombe nayonso inapimidwa kulingana ndi ng'ombe. Kusambika galu ndi dibi yosungunulira ng'ombe kungamledzeretse ndi kumfooketsa, makamaka mwana wa galu. Ndipo ya mtundu wa amitraz siyenera kukhudza mphaka. Safunsa anadya phula: mlimi wofuna kucotsa nkhupakupa ndi nthata afunse mlangizi wa ziweto wa m'dera lace za mankhwala ndi muyeso woyenera.

MANKHWALA A ANTHU

Mayi wacifundo, poona mphaka ali kudwala, angampatse Panadol. Koma mbulu umodzi wokha wa mamiligalamu 500 ukwanira kupha mphaka, pakuti uononga magazi ace kotero kuti alephera kunyamula mpweya. Agalunso aonongeka m'mimba ndi impso ndi mankhwala ena oletsa ululu a anthu. Mankhwala a ku cipatala ali a munthu yekhayo amene anawalandira, ndipo asungidwe m'citini cotseka, pamwamba.

CIMANGA CA CUKU

Pa makomo ambiri cimanga coola cimene anthu acikana cipatsidwa kwa agalu, nkhuku ndi nkhumba. Koma cuku cimene cimera pa cimanga ndi nsawa zosauma bwino cipanga ululu wochedwa aflatoxin, umene uononga ciwindi. Ululu uwu sucoka ndi kuphika. Galu woudya akana cakudya, asanza, ndipo maso ace asanduka acikasu.

M'mwezi wa August 2024, Nduna ya za Umoyo, a Elijah Muchima, analengeza kuti agalu ngati 400 anafa m'dziko lino atadya cakudya ca cimanga cokhala ndi aflatoxin, ndi kuti ululuwo unapezekanso mu ufa wa ku zigayo zina. Imfa ya agalu ndiyo inacenjeza anthu. Tsono cimanga ciumitsidwe bwino pa mphasa kapena pa thandala, osati pa dothi. Coola cisankhidwe ndi kukwiriridwa. Ndipo galu adye nsima yocokera mu ufa womwewo umene banja liukhulupirira.

NGOZI IKAONEKA

Ngati mankhwala agwera pa ubweya, mwini abvale mapulasitiki ku manja, nasambike nyamayo ndi sopo ndi madzi ambiri. Ngati yameza, asaikakamize mkaka, mafuta kapena mcere, cifukwa nyama yonjenjemera itsamwa, ndipo mafuta athandiza mankhwala ena kulowa msanga m'magazi. Aiike pa mthunzi, panja, kutali ndi ana, nasese masanzi ndi kuwakwirira. Popita kwa a Vetenale atenge botolo kapena pepala la mankhwalawo, pakuti dokotala akadziwa dzina la ululu adziwanso cociritsira cace.

Pali cinthu cimodzi cofunika kucenjera naco. Galu woturutsa dobvu angakhale wadya ululu, koma angakhalenso ndi ciwewe. Munthu asapise dzanja m'kamwa mwace. Wolumidwa atsuke cironda ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, napite ku cipatala tsiku lomwelo, pakuti ciwewe cikaonekera pa munthu sicicizika. Galu ali yense alandire katemera wa ciwewe akakwanitsa miyezi 3, ndipo abwerezedwe monga a Vetenale alangiza. Mwini galu wolandira katemera sakhala ndi mantha ambiri pa tsiku lotere.

Nyama ikafa, ikwiriridwe m'dzenje lakuya, ndi miyala pamwamba, kuti agalu ena ndi nkhumba asaifukule.

Zonsezi sizifuna ndalama zambiri. Bokosi limodzi lokhoma, mbale ya madzi oyera pa mthunzi, malo ouma ogona galu pa khonde, ndi dzenje lokwiriramo zoopsa, ndizo zikwanira. Mwini khomo ayende kuzungulira nyumba yace, khola ndi nkhokwe, ayang'ane pansi pamene mphuno ya galu ndi dzanja la mwana zingafike, nacotse ciri conse cosayenera kukhalapo. Nchito imeneyi icitike mvula isanagwe, mankhwala a caka cino asanafike pa khomo.