Likoma: munda ndi wochepa, nanga ndalama zathu tiike pati?



Sabata yatha nditaweruka ntchito ya usiku ndinalowa m'sitolo ina ku Karama, kuno ku Dubai, kukagula ndiwo. Ndinatenga kachitini ka nsomba, powerenga kumbuyo kwake nkupeza kuti kachokera ku Mauritius. Pashelefu ina panali kapaketi ka ufa wa malambe, mtengo wake woti kwathu mungagule nawo dengu lathunthu. Ndinangoima pomwepo nkuyamba kuganiza za kwathu ku Likoma, kumene nsomba ndi malambe zili mbwee koma palibe chitini cholembedwa dzina lathu. Ambirife timatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, ndiye ndati lero tikambirane mmene chuma cha kachilumba chimayendera, kuti potumizapo tizidziwa pamene ndalamayo ingabereke.

Kwa amene simunafikeko, Likoma ndi chilumba cha Malawi chimene chili mbali ya kum'mawa kwa nyanja, pafupi kwambiri ndi Cobué wa ku Mozambique kusiyana ndi Nkhata Bay. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 18 okha, ndipo Chizumulu, mng'ono wake, ndi wochepa kuposa pamenepo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 14,000 m'boma lonse la Likoma. Malo ambiri ndi miyala ndi mchenga. Chimene chimapirira nthaka yotere ndi chinangwa, nchifukwa chake ife tinakulira kondowole. Amayi amaviika chinangwa m'madzi masiku angapo kuti ululu wake uchoke, nkuchiyanika, kenako nkusinja. M'madambo ochepa mumalimidwa mpunga ndi ndiwo zamasamba, ndipo mango ndi malambe zimangodzibalira zokha.

Ulimi umenewu ndi wa pakamwa basi. Sukwana ngakhale kudyetsa chilumba chonse chaka chathunthu. Chimanga, shuga, sopo, simenti ndi malata zimabwera pa sitima kuchokera ku Nkhata Bay, pomwe nkhuni ndi zakudya zina zimawoloka pa mabwato kuchokera ku Mozambique. Sitima ya Ilala yakhala ikuyenda panyanjapo kuyambira 1951, ndipo ikapita kokakonzedwa aliyense pachilumba amamva m'thumba. Katundu aliyense akafika amakhala atakwera mtengo chifukwa cha ulendo, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zinafika povuta zedi.

Nanga ife timagulitsa chiyani kuti tigule zonsezi? Nsomba. Usipa ndi utaka zimagwidwa ndi chilimira usiku, nkuyanikidwa pathandala, kenako nkupita m'matumba ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Vuto lili apa: nthawi ya mvula dzuwa likasowa nsomba zimawola pathandala pomwepo, ndipo msodzi amagulitsa motaya kuopa kutsala nazo. Phindu lenileni limatsala kwa wogula wa kumtunda. Timagulitsa zosakonza pamtengo wotsika, nkugula zokonzakonza pamtengo wokwera. Matenda a zilumba zing'onozing'ono ndi amenewa.

Koma musaganize kuti Likoma sanadziwepo ntchito zamanja. Amishoni a UMCA, gulu la a Chauncy Maples ndi a William Percival Johnson, atakhazikika pachilumbachi m'zaka za m'ma 1880 anatsegula sukulu, malo ophunzitsira ukalipentala ndi zomangamanga, ngakhalenso makina osindikizira mabuku a Chinyanja. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene anayamba kumanga mu 1903, chinamangidwa ndi manja a agogo athu. Chimene chinachitika nchakuti anthu ophunzirawo anasowa pogwira ntchito kwawo, nkupita kukakhala aphunzitsi, makalaliki ndi amisiri kumtunda, ku Rhodesia, ku Tanganyika ndi ku Joni. Kuyambira kale chilumbachi chakhala chikudya thukuta la ana ake a kutali. Ine namwino wa ku Dubai ndikungopitiriza ulendo womwewo.

Tibwerere ku kachitini kanga kaja. Mauritius atalandira ufulu mu 1968 ankadalira mbewu imodzi yokha, nzimbe, ndipo pafupifupi ndalama zonse zakunja zinkachokera ku shuga. Mu 1970 boma lawo linakhazikitsa lamulo lochepetsa misonkho kwa mafakitale opanga zinthu zogulitsa kunja. Amalonda a ku Hong Kong ndi eni minda ya nzimbe anaika ndalama m'mafakitale osoka zovala, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1980 anthu ogwira ntchito m'mafakitalewo anaposa a m'minda ya nzimbe. Nzimbe sanazisiye ayi. Zotsalira zake akafinya amaziwotcha nkupanga magetsi, ndipo maiko a ku Ulaya atatsitsa mtengo wa shuga pakati pa 2006 ndi 2009 iwo anatembenukira ku shuga woyengeka bwino wa mtengo wapamwamba. Nsomba nazonso amaika m'zitini konko.

Kuno ku Dubai nkhani yake ndi yofanana pang'ono. Ndi chipululu, chakudya chambiri chimachokera kunja. Kale anthu ankadalira ngale za m'nyanja, koma malondawo anagwa cha m'ma 1930 a ku Japan atayamba kuweta ngale zawo. Chimene chinawathandiza pambuyo pake si mafuta okha: anamanga doko la Jebel Ali ndi fakitale ya aluminiyamu mu 1979, ndipo mu 1985 anatsegula dera la mafakitale pafupi ndi dokolo. Phunziro ndi lakuti malo opanda munda amayamba ndi doko ndi magetsi, fakitale nkutsatira.

Tsono tisanamizane. Mauritius ali ndi anthu oposa miliyoni imodzi ndi doko la sitima zapanyanja yamchere. Likoma sangakhale ndi fakitale ya zovala, chifukwa nsalu ingachite kuwoloka nyanja kawiri, pobwera ndi pobwerera. Chimene chingapindule pachilumba chaching'ono ndi chinthu chimene zipangizo zake zili pomwepo, chopepuka kunyamula, chosawonongeka msanga, koma cha mtengo wabwino. Chitsanzo chilipo kale: malo a Katundu pa Likoma pomwepo, kumene amayi amapanga zokongoletsa m'nyumba ndi mikanda ndi magalasi otayidwa, nkumagulitsa mpaka kunja kwa dziko.

Mukayeza ndi muyeso umenewu, zinthu zitatu zikuonekera. Choyamba ndi nsomba zoumitsa bwino. M'madera ena a nyanja monga Mangochi ndi Salima asodzi amagwiritsa ntchito matenti a pulasitiki oumitsira nsomba ndi kutentha kwa dzuwa, mopanda mvula, fumbi ndi ntchentche. Usipa wotere ukaikidwa m'paketi umalowa m'masitolo a m'tauni. Chachiwiri ndi malambe: ufa wake unaloledwa kugulitsidwa m'maiko a ku Ulaya mu 2008, ndipo suwola msanga. Chachitatu ndi mango oumitsa, poti mu Disembala mango amangowolera pansi pomwe ku Salima kuli kampani ya Malawi Mangoes imene imapanga ndalama ndi chipatso chomwechi. Kale chotchinga chachikulu chinali magetsi a jenereta amene ankazima usiku, koma cha m'ma 2020 EGENCO inaika magetsi a dzuwa pa Likoma ndi Chizumulu, ndiye firiji ndi makina ang'onoang'ono si maloto ayi.

Monga namwino ndionjezepo chimodzi. Nsomba yoyanikidwa pamchenga, kapena yothiridwa mankhwala ophera tizilombo kuti isafumbwe, ndi chiopsezo kwa ana athu omwe. Chakudya chogulitsa m'sitolo chimafunika chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, ndipo iwo amayang'ana ukhondo wa malo, madzi ndi kapakidwe. Amene akufuna kuyamba ayambire pamenepo, asanagule makina.

Ndikudziwa mmene ndalama ya kuno imavutira kuipeza. Ena mumaima maola 12 pageti, ena mumagona anthu asanu ndi atatu chipinda chimodzi. Fizi ya ana ndi mankhwala a makolo ziyambe, zimenezo sitikambirana. Koma yotsalayo ambirife timathira m'kagolosale, pamene pamsewu womwewo pali kale magolosale asanu ogulitsa sopo yemweyo wobwera pa Ilala. Ndalama yotero imangokwera sitima nkubwerera kumtunda. Mutu umodzi susenza denga: anthu khumi atasonkha, nkulembetsa kopaletivi mwalamulo, nkukhala ndi buku la ndalama loti aliyense aziliona pa WhatsApp, angathe kumanga tenti yoyanikira ndi kugula makina omatira mapaketi. Muyambe mwapeza wogula ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, ndipo muwerengere mtengo wa sitima musanaike mtengo wa katundu.

Zimene ndanenazi si za a ku Likoma okha. Wa ku Chisi pa nyanja ya Chilwa, ngakhale wa kumudzi kumene msewu umaduka nthawi ya dzinja, naye ali pachilumba. Ine ndalankhula kale ndi achemwali anga kuti Disembala ikubwerayi ayese kuyanika mango pang'ono, tione ngati angafike ku Mzuzu ali bwino. Zikatheka ndidzakuuzani, zikakanika ndidzakuuzaninso.

Tsalani bwino, ndipo musaiwale kumwa madzi ambiri, kunja kuno kukutentha.