MTENGO WA M'PHIRI WOLEREDWA M'MBALE

Mwezi uno tipite nanu kutali, ku dziko la Japan, zisumbu za kum'mawa kwa China, kuti mukamve za luso lina lodabwitsa. Anthu a kumeneko amalera mtengo weniweni m'mbale ya dothi. Mtengo wa zaka makumi asanu ungalekeze m'bondo mwa munthu, koma tsinde lace ndi nthambi zace zioneka monga za mtengo waukuru wa m'nkhalango. Luso limeneli alicha bonsai, ndiko kunena cobzalidwa m'mbale. Si mtundu wina wa mitengo ai. Mtengo womwewo mutauoka m'munda udzakula monga unzace. Cimene ciucepetsa ndi dzanja la mwini, limene lidulira mizu ndi nsonga caka ndi caka.

Lusoli linacokera ku China. Pa khoma la manda a Zhanghuai, mwana wa mfumu, amene anaikidwa m'menemo m'caka ca 706, pali cithunzi ca mtumiki atanyamula mbale ya timiyala ndi timitengo. Ku Japan nako zithunzi za m'caka ca 1309 zionetsa timitengo ta m'mbale pa nyumba za olemera. Civomezi cacikuru citapasula mzinda wa Tokyo m'caka ca 1923, akatswiri a bonsai anasamukira ku Omiya, namanga mudzi wao m'caka ca 1925. Mudziwo ulipo ndi lero lomwe.

SAKURA WA KU CHIRE

Mwa mitengo yonse ya maluwa, umene Ajapani aukonda koposa ndi sakura, umene Angerezi ati cherry. Ndiwo mbale wace wa mpicesi umene muudziwa. Ucita maluwa oyera kapena ofiirira pang'ono m'miyezi ya March ndi April, nyengo ya cisanu itangotha. Koma maluwawo sakhalitsa, pa sabata limodzi kapena awiri ayoyoka onse. Mitengo yambiri ya m'mizinda ndi yomezanitsa, yofanana ngati mapasa. Koma m'mapiri muli ya ku chire, yomera ku mbeu zimene mbalame zimwaza, ndipo uli wonse uli ndi maonekedwe ace. Wina aucha yamazakura, sakura wa m'phiri, umene maluwa ace aturuka pamodzi ndi masamba anthete ofiira. Wina ndi mamezakura, womera m'mbali mwa phiri la Fuji ndi ku Hakone. Umenewu uyenera mbale koposa, pakuti munthu angathe kucepetsa tsinde ndi nthambi, koma duwa salicepetsa. Tsono mamezakura maluwa ace ndi ang'ono cibadwire.

Nanga alekeranji kufesa mbeu pakhomo, navutika kukwera phiri? Cifukwa cace ndi ici: mtengo womera m'mng'alu wa thanthwe ukula mosauka. Mphepo iupinda, cipale ciuthyola, nswala zidya nsonga zace, ndipo patapita zaka makumi atatu ukhala wamfupi, wokhotakhota, wa khungwa lokalamba. Ukalamba wotere munthu sangaupange ndi manja. Kukatenga mtengo wotere acha yamadori, ndiko kutenga m'phiri.

KUKUMBA NDI KUYEMBEKEZA

Apa ndi pamene mitengo yambiri ifera. Wodziwa nchito sakumba nthawi iri yonse. Ayembekeza kutha kwa cisanu, mtengo usanaphuke. Sasamala muzu waukuru wolowa pansi, umenewo audula; cimene afuna ndi timizu tating'ono ta pafupi ndi tsinde, pakuti ndito timwetsa mtengo. Akapeza kuti timizuto ndi tocepa, adula mizu ina mozungulira, nakwiriranso dothi, napita kwao cimanjamanja. Adzabwera caka camawa, mtengo utaturutsa timizu tatsopano.

Atakumba, akulunga mizu ndi ndere zonyowa, pakuti timizu tikauma kanthawi kocepa tafa. Kunyumba sauika m'mbale yokongola ai, koma m'bokosi la matabwa, m'dothi la timibulu losasunga madzi, monga dothi lofiira lija alicha akadama, losanganiza ndi timiyala topepuka ta ku mapiri a moto. Aumanga zolimba kuti usagwedezeke, nauika pa mthunzi posaomba mphepo.

Tsono ifika nchito yobvuta koposa zonse, ndiyo kusacita kanthu. Mtengo wongokumbidwa ungaphuke masamba, ngakhale maluwa, ndi mphamvu imene unasunga m'tsinde, mizu isanagwire. Wosadziwa akondwa nayamba kudula ndi kupinda, ndipo pofika nyengo yotentha mtengo uja umene unapirira zaka makumi atatu pa thanthwe wauma m'manja mwace. Cifukwa cace akatswiri auleka zaka ziwiri kapena zitatu, nangouthirira. Anati akuru, kuona maso a nkhono n'kudekha.

MPENI NDI WAYA

Mtengo utalimba, kulera kuyamba. Koma sakura ngwonyanyala. Ajapani ali ndi mwambi wakuti wodula sakura ndi citsiru, wosadula ume ndi citsirunso. Ume ndiwo mtengo wina wa banja lomweli, umene ukondwera ndi mpeni. Tanthauzo lace ndi lakuti bala lalikuru pa sakura silipola msanga: lidontha utomoni, kuola kulowa m'kati, ndipo nthambi ingafe kufikira ku tsinde. Kotero adula nthambi zikali zazing'ono, ndi mpeni wakuthwa ndi woyera, namata balalo ndi mankhwala.

Nthawi ya kudula nayo iri ndi lamulo lace. Mphukira za maluwa a caka camawa zipangika m'nyengo yotentha ya caka cino. Amene adulira maluwa atangoyoyoka sataya kanthu. Amene acedwa, adula maluwa amene sanawaone.

Pofuna kupinda nthambi, aikulunga ndi waya wa mkuwa kapena wa aluminiyamu. Nthambi yokhwima ya sakura ithyoka ngati mzimbe, kotero apinda zanthete zokha. Paja kuongola mtengo ndi uli waung'ono. Wayayo amcotsa asanalowe m'khungwa, pakuti cipsera cace cikhala zaka zambiri. Pa zaka ziwiri kapena zitatu ziri zonse auturutsa m'mbale, nadulira mizu, naupatsa dothi latsopano. Nyengo yotentha authirira tsiku ndi tsiku, mwina kawiri. Ndipo ukhala pabwalo, si m'nyumba ai, pakuti sakura wosamva cisanu sacita maluwa.

PHIRI NALO LITHA

Pali cinthu cina coti musaciiwale. Ku Japan kunali mtengo wina wa masamba osagwa, dzina lace shimpaku, womera m'maphompho. Anthu ataukonda, okumba anatsikira m'maphomphomo ndi zingwe, ena nagwa nafa, kufikira mitengo yabwino inasowa m'mapiri ambiri. Lero munthu sakumba popanda cilolezo ca mwini malo, ndipo m'nkhalango zosungidwa ndi boma kukumba nkoletsedwa. Ambiri tsopano acita mwa njira yina: asenda khungwa mozungulira nthambi yokoma, nakulungapo ndere zonyowa, ndipo mizu ikaturuka adula nthambiyo naibzala. Apeza kamtengo kao, mai wace ali ciriri pa malo pace.

Taonani tsono, abale: munthu athirira caka cathunthu, nagwira mtima zaka zingapo, kuti aone maluwa masiku khumi. Anansi abwera kudzaona, nakhala pansi pamaso pa kamtengoko monga akhalira patsinde pa mtengo waukuru. Maluwa atagwa, mwini asesa pabwalo, natenganso mtsuko wace wa madzi.