Ntchito ya uphunzitsi ya Peter Mutharika

Arthur Peter Mutharika (anabadwa pa 18 July 1940 ku Thyolo) ndi katswiri wa zamalamulo yemwe anaphunzitsa m'mayunivesite kwa zaka zoposa 40 asanakhale mtsogoleri wa dziko la Malawi. Ukatswiri wake ndi wa malamulo a pakati pa mayiko komanso kufananitsa malamulo oyendetsera mayiko osiyanasiyana.

Maphunziro ndi uphunzitsi

Anatenga digiri yoyamba ya zamalamulo ku University of London mu 1965, kenako anapita ku Yale ku America komwe anamaliza digiri ya udokotala mu 1969. Anaphunzitsa ku Dar es Salaam, ku Addis Ababa ndi ku Rutgers, koma zaka zambiri anathera ku Washington University ku St. Louis, komwe anayamba mu 1972. Limodzi mwa mabuku ake limafotokoza za anthu amene alibe dziko lililonse lowavomera kuti ndi nzika zake. Mu 1996 analemba nkhani mu Journal of African Law yosanthula malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1995.

M'boma

Atasankhidwa kukhala phungu mu 2009, anakhala nduna ya zachilungamo, kenako ya zamaphunziro. Ali pa unduna wa zamaphunziro mu 2011, aphunzitsi a ku Chancellor College ananyanyala ntchito kwa miyezi yambiri apolisi atafunsa mafunso Blessings Chinsinga pa zomwe anaphunzitsa m'kalasi. Ambiri anadandaula kuti nduna, yomwe inali pulofesa mnzawo, sinachitepo kanthu mwachangu.

Mlandu wa chisankho cha 2019

Mu 2014 anapambana chisankho limodzi ndi Saulos Chilima wa ku Nsipe m'boma la Ntcheu. Mu 2019 anayenda ndi Everton Chimulirenji, wa ku Ntcheu komweko, ndipo Chilima anali mmodzi mwa awiri okadandaula kukhoti. Pa 3 February 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankhocho. Anatinso mawu a mu ndime 80(2) amatanthauza kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka la onse, osangoti kuposa anzake. Zinali zachilendo ndithu: malamulo omwe iye anawasanthula mu 1996 ndi omwe anamuweruza. Mutharika anachita apilo, koma khoti lalikulu la Supreme linagwirizana ndi chigamulocho mu May 2020. Anagonja kwa Lazarus Chakwera pa chisankho chachibwereza cha pa 23 June 2020, ndipo anadzapambananso mu September 2025 motsatira lamulo lomweli la mavoti oposa theka.