Kodi Mumadziwa? Ukwati wa Mitundu Iwiri M'tsinde mwa Phiri la Mulanje

Akwati ena masiku ano sakufunanso holo ya m'tauni. Akumatenga abale ndi abwenzi, ena ochokera kunja, n'kupita nawo ku Mulanje kuti zithunzi zikatuluke ndi phiri kumbuyo, tiyi wobiriwira kutsogolo. Palibe choipa. Koma phirilo lili ndi eni ake, ukwatinso uli ndi eni ake. Musanatumize makhadi oitanira anthu, tamvani izi zochokera ku Milonde ndi madera ena ozungulira phirili.

Kodi mumadziwa…

…kuti kukwatirana kwa mitundu yosiyana si nkhani yatsopano ku Milonde? Alhomwe anayamba kulowa m'dera lino kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo anapitiriza kubwera kwa zaka zambiri pothawa nkhanza za Apwitikizi komanso pofuna ntchito m'minda ya azungu. Kuno anapeza Amang'anja ndi Ayao. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, yomwe inatha mu 1992, inabweretsanso anthu miyandamiyanda kudzera m'malire a ku Milange ndi ku Muloza, ndipo ena anakwatira kapena kukwatiwa konkuno. Zimene a m'tauni akuziyesa zamakono, agogo a kuno anazichita kalekale, kamera kulibe.

…kuti Alhomwe ndi mtundu wachiwiri kukula m'Malawi? Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa anthu 100 alionse, pafupifupi 34 ndi Achewa, 19 ndi Alhomwe, 13 ndi Ayao. Mitundu itatu yonseyi imawerengera mbumba kuchikazi. Choncho mlendo wofunsira mbeta m'Malawi, kawirikawiri amagwera m'mwambo umene mwini ana ndi malume awo, mlongo wa mayi.

…kuti mkangano waukulu pa maukwati otere sukhala wa chilankhulo, koma wa kumene banja likakhale? Ku Mulanje mwambo ndi chikamwini: mwamuna amasamuka n'kukamanga nyumba kwawo kwa mkazi, ndipo munda umene amalima ndi wa kuchikazi. Kwa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba, Ankhonde ndi Asena zinthu n'zosiyana: akuchimuna amapereka malowolo, mkazi amapita kwa mwamuna, ana amakhala a bambo. Tsono mnyamata wa ku Mzimba akakonda mtsikana wa ku Milonde, amalume ake amabwera atakonzeka kukambirana za ng'ombe, pamene akuchikazi akuganiza zomulozera malo omangapo nyumba. Mabanja anzeru amamanga mfundo imeneyi poyambirira, asanakambe n'komwe za mtundu wa madiresi.

…kuti mkwati wochokera ku London kapena ku Johannesburg naye amafunika nkhoswe? Pachikhalidwe chathu munthu sadzifunsira yekha ukwati. Mbali iliyonse imakhala ndi ankhoswe ake, wamkulu ndi wamng'ono, ndipo iwowa ndi amene amapereka ndi kulandira mawu. Ngati mlendoyo alibe mbale woti n'kubwera naye, amapempha munthu wamkulu wodalirika, kaya wa kumpingo kaya wa kuntchito, kuti amuimire. Koma amene wavomera adziwe kuti wasenza katundu. Unkhoswe suthera pa tsiku la chikondwerero.

…kuti pachinkhoswe nkhuku ziwiri zimalankhula kuposa wokamba aliyense? Akuchimuna amabwera ndi tambala, akuchikazi ndi thadzi, ndipo ankhoswe amasinthana anthu onse akuona. Kenako nkhuku yootcha imanyotsoledwa n'kugawidwa kwa ankhoswe a mbali zonse, kusonyeza kuti mabanja awiriwa tsopano akudyera pamodzi. Mwamuna amalandira khasu, nkhwangwa ndi chikwanje. Mkazi amalandira lichero, mthiko, chipande ndi tsache. Alendo ena amatenga zimenezi ngati zokongoletsa pabalaza. Muwauze kuti ndi zida zantchito, ndipo uthenga wake ndi wakuti banja limadya thukuta.

…kuti mkwati amayesedwa mayeso pamaso pa khamu? Azakhali amatulutsa atsikana angapo atawafunditsa zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumuuza kuti aloze wake. Kuti chitenje chivundukulidwe, pamafunika ndalama. Akaloza wolakwika, bwalo lonse limafa ndi phwete, ndalama n'kuwonjezekanso. Anyamata ochenjera amapangana ndi bwenzi lawo dzulo lake za mtundu wa nsapato, koma azakhali nawonso anakhalapo atsikana: amawasinthanitsa nsapatozo.

…kuti lamulo la dziko lino limavomereza mitundu inayi ya ukwati? Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wa pachikhalidwe, wa kuchipembedzo, komanso wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali mpaka anthu n'kumawadziwa ngati banja. Yonseyi ili ndi mphamvu pamaso pa lamulo. Koma wa kwa DC ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi basi, mitala ayi. Ndipo ngati mmodzi wa akwatiwo ndi nzika ya dziko lina, chimene a zolowa ndi kutuluka a kwawoko adzafune kuona ndi setifiketi, osati vidiyo ya chinkhoswe.

…kuti palibe mwambo, chipembedzo kapena chilolezo cha makolo chimene chingakwatitse mwana wosakwana zaka 18? Kale malamulo aakulu a dziko ankalola wa zaka 15 kulowa m'banja makolo akavomera. Nyumba ya Malamulo inatseka mpata umenewu mu Febuluwale 2017.

…kuti si mbusa aliyense angakutsatireni kumathithi? Mu Mpingo wa Katolika malo a ukwati ndi m'tchalitchi, ndipo kuti uchitikire kwina pamafunika chilolezo cha episkopi. Chilolezo chimafunikanso Mkatolika akamakwatirana ndi wa mpingo wina kapena wa chipembedzo china. Mipingo yambiri imalengeza ukwati milungu itatu usanachitike, kuti wodziwa chifukwa choletsa anene. Kwa Asilamu, pa nikah pamafunika woimira mkazi, mboni, ndi mahari, mphatso yomwe imapita kwa mkwatibwi mwini wake, osati kwa makolo. N'chifukwa chake ambiri amadalitsa ukwati m'nyumba yopemphereramo m'mawa, madyerero ndi zithunzi n'kukachitira m'tsinde mwa phiri masana.

…kuti phiri la Mulanje tsopano lili m'kaundula wa malo ofunika a dziko lonse lapansi? Bungwe la UNESCO linalilemba mu Julayi 2025, ndipo ndi malo achitatu a m'Malawi kulowamo, kutsatira paki ya Nyanja ya Malawi mu 1984 ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni mu 2006. Chimene chinalilowetsa si kutalika kwake, koma ulemu umene Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amalipatsa monga mokhala mizimu ya makolo. Malo ngati Dziwe la Nkhalamba, kumtunda kwa Likhubula, kumene alendo amakonda kujambulitsa, akuluakulu amawatchula mwaulemu. Musanakweze zimkuzamawu pamalo otere, funsani amfumu ndi a zankhalango. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927.

…kuti pamwamba pa phirili sipafika galimoto? Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo palibe malo ena m'Malawi oposa pamenepo. Ngakhale kukafika kunyumba zogona alendo za pa Chambe kapena Lichenya ndi ulendo wa maola angapo wapansi, chitunda chokhachokha. Nyumbazi, pamodzi ndi zina monga Thuchila, Chisepo, Sombani ndi Madzeka, zili ndi mlonda ndi malo osonkhapo moto, koma chakudya mumanyamula nokha. Diresi loyera, keke ndi jenereta zingakwere pamutu pa anyamata onyamula katundu a ku Likhubula. Agogo a mkwatibwi sangakwere. Ukwati umene agogo atsala m'munsi, kwathu kuno anthu amaufunsa mafunso.

…kuti anyamata onyamula katunduwa ali ndi mpikisano wawo? Porters Race imachitika chaka ndi chaka m'nyengo yozizira, kawirikawiri mu Julayi, kuyambira ku Likhubula, kukwera phiri n'kutsikanso, mtunda woposa makilomita 20. Akatswiri amamaliza m'maola awiri ndi mphindi zochepa njira imene mlendo amayenda tsiku lathunthu. Sabata imeneyo malo ogona amavuta kupeza, choncho onani kalendala musanasankhe tsiku.

…kuti mvula yowaza imene imasokoneza zithunzi ku Mulanje imachokera ku Mozambique? Chiperoni ndi mphepo yozizira yachinyezi yochokera kunyanja ya mchere ya Indian, yodzera mbali ya phiri la Chiperone m'chigawo cha Zambezia. Imakonda kubwera pakati pa Meyi ndi Ogasiti, ndipo ikafika phiri lonse limabisala m'nkhungu, mwina masiku angapo. Seputembala ndi Okutobala kumakhala kouma, koma kotentha, ndipo utsi wa moto wa m'tchire umaphimba mapiri. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mitsinje monga Ruo, Likhubula ndi Lichenya imadzaza mwadzidzidzi. Anthu a kuno sanaiwale Malichi 2023, pamene namondwe Freddy anagumula mapiri, kukokolola midzi ndi kudula misewu ku Mulanje ndi ku Phalombe.

…kuti Sapitwa si malo opitako panokha pokasangalala ukwati utatha? Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anasiya womulondolera n'kupitirira yekha. Nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patapita masabata. Nkhani yake inapangidwa filimu ya Gabriel and the Mountain mu 2017. Lembetsani ku ofesi ya zankhalango, tengani wolondolera, ndipo akati tibwerere, bwererani.

…kuti kabokosi konunkhira kamene mukufuna kupatsa alendo anu kangakhale kochokera ku mtengo umene ukutha? Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, mwachilengedwe umamera paphiri lokhali padziko lonse. Chiswe sichiugwira, n'chifukwa chake macheka anaulondalonda mpaka kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi midzi yozungulira akhala akufesa ndi kubzala mbande zambirimbiri, koma mkungudza sukula msanga. Mphatso yabwino ndi paketi ya tiyi wa konkuno, kapena ndalama zothandizira nazale ya m'mudzi.

…kuti minda ya tiyi imene imakongoletsa zithunzi zanu ndi ina mwa yakale kwambiri mu Africa? Tiyi anayamba kulimidwa ngati malonda ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, Kenya asanayambe. Koma mindayi ili ndi eni: ina ndi ya makampani monga Lujeri ndi Eastern Produce, ina ndi ya alimi ang'onoang'ono. Pemphani musanalowe ndi gulu la operekeza akwati. Ndipo mayi amene ali ndi dengu kumsana akuthyola masamba ali pantchito. Mufunseni kaye musanamuike m'chithunzi.

…kuti chakudya chonyaditsa cha Alhomwe chimafuna wophika wodziwa? Kalongonda akapanda kupsa bwino amazunguza mutu ndi kudwalitsa, choncho amawiritsidwa maola ambiri, madzi ake n'kumatayidwa. Musapatse ntchito imeneyi wophika wa kuhotela amene sanamuonepo. Itanani amayi a m'mudzi. Pambali pake ikani makaka, nandolo ndi zinanazi za ku Mulanje. Ngati mbali ina ndi Asilamu, mbuzi ndi nkhuku azinge ndi Msilamu, ndipo nkhumba isayandikire miphika. Alendo akunja asambitseni m'manja, muwaphunzitse kutema mbamu: nsima nayo inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2017.

…kuti Tchopa si gule wongosangalatsa alendo? Ndi gule wa nsembe wa Alhomwe, wovinidwa pothokoza makolo zokolola zikachuluka kapena alenje akabwerako bwino, komanso popepesa kukagwa chilala kapena mliri. Ovina amavala zikopa ndi nthenga, kumsana atabereka mitolo ya zida ndi zidole, akuzungulira ng'oma zikuluzikulu. UNESCO inamuzindikira mu 2014. Wofuna kumuona bwino apite ku Chonde mu Okutobala, pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Mukaitana gulu la Tchopa paukwati, lipireni mokwanira, ndipo musalidule pakati kuti DJ alowe.

…kuti pelekanipelekani amadabwitsa alendo kuposa china chilichonse? Kwawo mphatso amapereka mwakachetechete mu envelopu. Kuno wotsogolera mwambo amaitana gulu ndi gulu: akuchimuna, akuchikazi, a kuntchito, a kumpingo, onse ovala zofiira, aliyense akuvina n'kumaponya ndalama m'beseni. Auzeni alendo anu asinthiretu ndalama kwa osintha amene amakhala patebulo pambali, chifukwa woponya K5,000 kamodzi amakhala pansi nyimbo isanafike pakati, pamene wa ma K100 amavina mpaka kumapeto. Abale a ku Milange akaponya meticais, tolani. Ku Muloza zimasinthika. Kupondaponda ndalama kokha ndiye ayi, a Reserve Bank akhala akudandaula kuti maukwati akung'ambitsa makwacha.

…kuti banja likagwedezeka, oyamba kuitanidwa ndi ankhoswe omwe aja? Nkhani ya banja la pachikhalidwe ikafika kwa amfumu kapena kukhoti, funso limene limabwera msanga ndi lakuti, ankhoswe anu ndani, ndipo anayesapo kukukhazikani pansi? Choncho pokonzekera ukwati wa kuphiri, nthawi imene mukuthera posankha wojambula, theraninso yomweyo posankha nkhoswe: munthu wosaulula zinsinsi, womvetsa miyambo ya mbali zonse ziwiri, ndiponso woyankha foni ngakhale pakati pa usiku.