Mutu 6: Makhadi Awiri a Chaka Chimodzi, GT 730 ndi GTX 750 Ti

Katundu amene amatsika pa Mzimba boma kuchokera ku Joni si njinga, mabulangete ndi mafiriji okha. M'katundu yemweyo mumabweranso makompyuta amene maofesi a kumeneko anatopa nawo, monga a Dell OptiPlex ndi a HP. Makina otere mumawapeza m'tinyumba toikira nyimbo ndi mafilimu m'mafoni pa Jenda, kapena kwa wojambula maukwati ku Embangweni. Polemba makalata amagwira bwino ntchito. Vuto limayamba mwini wake akafuna kulumikiza vidiyo ya ukwati, kapena anyamata akafuna FIFA. Pamenepo chithunzi chimayamba kudukiza, ndipo aliyense womudziwa amamuuza zofanana: gulani graphics card.

Khadi limeneli ndi kabolodi kokhala ndi ubongo wakewake wowerengera zithunzi, komanso memory yakeyake yosungira zimene ubongowo ukugwirapo ntchito. Pa makhadi akale otsika mtengo, awiri amene wogula amakumana nawo kawirikawiri ndi GeForce GT 730 ndi GeForce GTX 750 Ti. Onse ndi a kampani ya Nvidia, ndipo onse anatuluka mu 2014: GTX 750 Ti mu February, GT 730 mu June. Pa bokosi la GT 730 nthawi zina pamalembedwa 4GB ndi zilembo zikuluzikulu, pamene GTX 750 Ti wamba ili ndi 2GB basi. Munthu amene anazolowera kugula memory card ya foni amatenga la 4GB osaganiza kawiri, ndipo amabwerera kwawo ndi khadi lofooka.

Chinsinsi chake chili pa liwiro. Nkhokwe ikhoza kukhala yaikulu, koma ngati khomo lake ndi longokwana dzanja, chimanga chizituluka chimodzichimodzi ngakhale anthu khumi akudikira panja. Memory ya GTX 750 Ti ndi ya mtundu wa GDDR5, njira yake ndi ya mabiti 128, ndipo imatulutsa ma GB pafupifupi 86 pa sekondi. GT 730 ya 4GB nthawi zambiri imakhala ya DDR3, imene siifika ngakhale ma GB 30 pa sekondi. Masewera amene angadzaze 4GB yonseyo ndi olemera moti ubongo wa khadilo sungawakwanitse. Malo owonjezerawo amangokhala.

Pali chinanso chimene ndimachiona ngati kusachita chilungamo kwa wogula. Nvidia inagulitsa makhadi atatu osiyana pa dzina limodzi la GT 730. Loyamba lili ndi tizigawo towerengera 96 tokha, ndipo ubongo wake ndi wa m'badwo wa Fermi, wa mu 2010, umene anangouveka dzina latsopano. Lachiwiri ndi la m'badwo wa Kepler, tizigawo 384, koma memory yake ndi DDR3 pa njira yopapatiza ya mabiti 64, ma GB 14 okha pa sekondi. Lachitatu, lomwe ndi labwino pa onse atatu, ndi Kepler yemweyo wokhala ndi GDDR5, ma GB 40 pa sekondi. Ngakhale lachitatuli silifika pa GTX 750 Ti, imene ili ndi tizigawo 640 ta m'badwo wa Maxwell. Masewera a GTA V, amene anafika pa kompyuta mu 2015, amayenda bwino pa GTX 750 Ti pa sikirini ya 1080p mukapanda kukweza zinthu mopitirira. Pa GT 730 ya DDR3 muyenera kutsitsa chilichonse, ndipo amayendabe motsimphina.

Kwa wojambula maukwati kapena ingoma ya pa Umtheto ku Hora, nkhani yaikulu ndi ina. M'kati mwa GTX 750 Ti muli kagawo kotchedwa NVENC, kamene ntchito yake ndi kupanikiza vidiyo kuti ikhale ya H.264. Pulogalamu yolumikizira ikakhala yodziwa kukagwiritsa ntchito, vidiyo yaitali imatha msanga, ndipo amene anathimitsidwirapo magetsi ntchito ili pakati akudziwa phindu lake. GT 730 ya Fermi ilibe kagawo kameneka.

Komatu GT 730 si yotaya. Ya Kepler imadya mawati 23 mpaka 25, pamene GTX 750 Ti imadya 60. Kumidzi ya cha ku Edingeni kapena Luwerezi, kumene kompyuta ingakhale ikudalira sola, batire ndi inveta, kusiyana kumeneku kumaoneka madzulo. Chachiwiri ndi kukula. Makompyuta ambiri a muofesi ndi aafupi, opyapyala, ndipo amalandira khadi lalifupi lokha. GT 730 zambiri ndi zotero. GTX 750 Ti zazifupi zilipo, koma zambiri ndi zazitali, moti chivundikiro sichitseka. Zina zimafunanso waya wa mapini 6 wochokera ku power supply, umene makina aang'onowa alibe. Ngati ntchito yanu ndi kulumikiza sikirini yachiwiri kapena TV ya HDMI, kulipira zambiri chifukwa cha GTX 750 Ti n'kungomwaza ndalama.

Ma driver, mapulogalamu oyendetsera khadi, nawo ali ndi zaka zawo. Nvidia inasiya kukonzera a Fermi mu 2018, a Kepler mu 2021, pamene a Maxwell anapitirira mpaka 2025. Ndiye kuti pulogalamu yatsopano ikhoza kukana GT 730 ngakhale khadilo lili lamoyo.

Musanapereke ndalama, kapena musanauze m'bale wanu wa ku Joni kuti agule, onetsetsani kuti khadilo laikidwa m'kompyuta ndipo mwatsegula kapulogalamu kaulere ka GPU-Z. Kamaonetsa chiwerengero cha tizigawo, mtundu wa memory ndi kukula kwa njira yake. Kutero n'kofunika chifukwa pa intaneti pamagulitsidwa makhadi achinyengo: amatenga GTS 450 yakale n'kuisintha kuti izidzitchula GTX 750 Ti. Mukaona tizigawo 192 m'malo mwa 640, dziwani kuti ndi lachinyengo. Kenako lisiyeni ligwire ntchito yolemera kwa kanthawi, mukuyang'ana kutentha kwake ndi kumvetsera fani. Ya khadi la zaka zoposa khumi nthawi zambiri imakhala yatopa kale, ndipo fumbi la mu Okutobala limadzangoimaliza.